Ulendo wa ku Cape: kodi vinyo wotsika mtengo amakoma akakhalitsa?

Lolemba, Constantia

February ndi mwezi wokolola mphesa ku Cape, m'dziko la South Africa, ndipo m'misewu ya kuminda mukukumanizana mathirakitala okoka ngolo zodzaza mphesa. Funso limene tabwerera ndi limodzi: botolo la vinyo wotsika mtengo, mukalibisa zaka zisanu, kodi limakoma kuposa tsiku limene munaligula? Kwathu ambiri amakhulupirira kuti vinyo aliyense amakoma akamakalamba. N'chifukwa chake m'nyumba zambiri muli botolo la mphatso ya paukwati limene laima pakabati ya pabalaza zaka ndi zaka, kudikira tsiku lalikulu. Malire athu ndi awa: tizilawa vinyo wosapitirira marandi 150 pa botolo la mamililita 750, ndipo paliponse pamene akusunga mabotolo akale a vinyo yemweyo tizipempha kuti atithirire watsopano ndi wakale m'matambula awiri oyandikana.

Tayambira ku Constantia chifukwa mbiri ya vinyo wosungika m'dziko lino inayambira kuno. Vinyo woyamba ku Cape anafinyidwa pa 2 February 1659, m'nthawi ya Jan van Riebeeck, mtsogoleri woyamba wa Adatchi kuno, ndipo Simon van der Stel, mtsogoleri wina wa pambuyo pake, anatsegula munda wa Constantia mu 1685. Vinyo amene anatchukitsa chigwachi ku Ulaya anali wotsekemera kwambiri, wa mphesa za Muscat, ndipo a Klein Constantia anayambanso kumupanga ndi zokolola za 1986 pa dzina la Vin de Constance. Ameneyo amakhala zaka makumi angapo, koma mtengo wake uli kutali ndi malire athu.

Kalawidwe kake nkofunika kukakonza tsiku loyamba, apo ayi zonse zimene mungalembe sabata yathunthu sizidzadalirika. M'tambula muzithira pang'ono, mamililita 30 kapena 40. Pendeketsani tambulayo pamwamba pa pepala loyera muone mtundu, makamaka m'mphepete. Nunkhizani musanagwedeze, kenako muzungulitse vinyoyo n'kununkhizanso. Ikani m'kamwa, afike paliponse, n'kulavula m'chiwiya chimene amaika patebulo. Kulavula si mwano kuno, ndipo woyendetsa galimoto azikumbukira kuti malire a mowa m'magazi ku South Africa ndi magalamu 0.05 pa mamililita 100. Vinyo woyera amalawidwa pa madigiri 8 mpaka 12, wofiira pa 16 mpaka 18. Wofiira wotentha amangomveka mowa wokhawokha, ndipo woyera wozizira kwambiri amabisa zolakwa zake zonse.

Lero tinali pa Sauvignon Blanc, mphesa imene imakonda mphepo yozizira yochokera ku False Bay. Wa chaka chatha anali ndi fungo lamphamvu la magalagadeya, gwafa ndi udzu wongomweta kumene, ndipo m'kamwa ankawawasa bwino. Wa zaka zinayi, wa mtengo womwewo, anali atasanduka wachikasu, fungo la zipatso litapita, kutatsala la nsawawa za m'chitini. Chifukwa chake n'chodziwika. Fungo la zipatso mu vinyo wotere limachokera ku timankhwala tosakhalitsa, tina topangidwa ndi yisiti pa nthawi yowira, ndipo timaphwanyika m'chaka chimodzi kapena ziwiri. Kamene kamapereka fungo la masamba obiriwira nkolimba, motero kamatsala kokha. Sauvignon Blanc wa pansi pa malire athu mumumwe zisanathe zaka ziwiri kuchokera chaka cholembedwa pabotolo.

Lachiwiri, Stellenbosch

Kuchokera ku Cape Town ndi makilomita pafupifupi 50. Tauniyi inakhazikitsidwa mu 1679, ndipo njira yake yoyendera minda ya mpesa, yoyamba m'dziko lino, inatsegulidwa mu 1971. Kuno ndi kwawo kwa Cabernet Sauvignon, ndiye ngati pali vinyo wofiira wotsika mtengo amene angasungike, pofunira pake ndi pano.

Vinyo akakhala m'botolo palibe chimene chimawonjezekamo. Zimene analowa nazo ndi zimene zimasintha, ndipo zimene zimamugwira kuti asafe msanga ndi zinayi: asidi, tanini, shuga ndi mowa. Mu vinyo wofiira wosatsekemera ntchito yaikulu ndi ya asidi ndi tanini. Tanini amachokera m'makoko ndi m'njere za mphesa, pang'ono m'mitengo ya migolo. Mumamudziwa kale: tiyi wa ku Thyolo akakhalitsa m'ketulo masamba ali momwemo, amaumitsa m'kamwa mpaka lilime kumveka lokhakhala. Mu Cabernet wamng'ono mumamva zomwezo. Zaka zikamapita, tanini amalumikizana ndi utoto wofiira wa m'makoko, wina n'kugwa pansi pa botolo ngati nsenga. Kukhakhala kuja kumachepa, mtundu umachoka ku wofiira wodera kupita ku wa njerwa, ndipo m'malo mwa fungo la zipatso zaziwisi mumabwera la fodya wouma, chikopa, bowa ndi zipatso zoumitsa.

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Kuuma m'kamwa pakokha si umboni wakuti vinyo adzakoma m'tsogolo. Pamafunika kuti kuseri kwa tanini kukhale zipatso zokwanira kudikira. Pamunda wina anatithirira Cabernet wa zaka ziwiri amene ankauma kwambiri koma pakati pa lilime pali pululu, ndipo mukalavula kukoma kumatha nthawi yomweyo. Mnzake wa zaka zisanu ndi ziwiri anatsimikiza zimene tinkaganiza: zipatso zinatha kale, kuuma kudakalipo. Pamunda wachiwiri, chakumtunda kwa phiri, wamng'ono anali woumanso, koma kukoma kwa zipatso zakuda kunkatsalira m'kamwa mpaka muwerenge kufika 20 kapena 30. Wa zaka zisanu ndi chimodzi anali wofewa, wonunkhira fodya ndi mkungudza, ndipo ameneyu anakomadi kuposa wamng'ono uja. Kutalika kwa kukoma mutalavula ndi chizindikiro chimene timachidalira kuposa china chilichonse, ndipo sichifuna chipangizo.

Pali pepala limene minda yambiri ya kuno imapereka mukapempha, lolembedwa manambala anayi: mowa, shuga wotsalira, asidi yense ndi pH. Musachite nalo manyazi, ndi lothandiza kuposa mawu okometsera a kuseri kwa botolo. Nambala ya pH ikatsika ndiye kuti asidi ndi wamphamvu. Ife vinyo wofiira woti tisunge timafuna pH yosapitirira 3.65, asidi pafupifupi magalamu 6 pa lita, shuga wosapitirira magalamu 3, ndi mowa wosapitirira 14.5%. Nkhani ya pH si yakukoma kokha. Mankhwala a sulfa amene amathiridwa mu vinyo kuti amuteteze ku mpweya ndi tizilombo amagwira ntchito molingana ndi pH. Pa pH 3.2 mamiligalamu pafupifupi 21 pa lita amakwanira, koma pa 3.6 pamafunika pafupifupi 50 kuti chitetezo chifanane. Vinyo wa pH 3.8 amakhala pafupifupi wopanda mlonda, ndipo ndi amene amabwera ndi fungo la m'khola la ng'ombe, lochokera ku yisiti wakutchire wotchedwa Brettanomyces amene amapitiriza kugwira ntchito m'botolo.

Anthu amene amatsutsa zoti vinyo wotsika mtengo sasungika amatchula Chateau Libertas, amene anayamba kupangidwa kuno ku Stellenbosch mu 1932 ngati vinyo wa patebulo wa munthu wamba. N'zoona, mabotolo ake a m'ma 1950 ndi 1960 akatsegulidwa masiku ano amadabwitsa akatswiri. Koma onani zifukwa zake. Mphesa zinkathyoledwa zisanapsetse, mowa unali wocheperapo, asidi ndi tanini anali olimba, Cabernet ankasakanizidwa ndi Cinsaut, ndipo mabotolo amene apulumukawo anagona m'zipinda zozizira zamdima moyo wawo wonse. Umboni umenewu ndi wa kapangidwe ndi kasungidwe, osati wa mtengo.

Madzulo tinadutsa msewu wa R44 m'munsi mwa phiri la Simonsberg kukalawa Pinotage, mphesa imene Abraham Izak Perold anaipanga mu 1925 pokwatitsa Pinot Noir ndi Cinsaut. Pali Pinotage wa mitundu iwiri pamtengo wotsika. Wina amanunkhira khofi ndi chokoleti, fungo lochokera ku matabwa a oak owauka kwambiri amene amaviikidwa m'thanki, ndipo ameneyu ndi womwera pompopompo, chifukwa khofiyo akazilala pamatsala kuwawa. Winayo ndi vinyo wachiwiri wa minda yotchuka, monga Kadette wa ku Kanonkop. Kawirikawiri vinyo wotere amachokera ku mipesa yaing'ono msinkhu n'kukhala m'migolo imene inagwirapo kale ntchito, koma manja opanga ndi omwewo. Kwa munthu wofuna kusunga zaka zitatu mpaka zisanu osawononga ndalama zambiri, gulu ili ndi limene lili ndi phindu.

Lachitatu, Paarl

Kutentha kwa lero kunali koopsa, chifukwa Paarl ili kutali ndi mphepo ya kunyanja. Kuno ndi kwa makampani akuluakulu: KWV inakhazikitsidwa mu 1918, ndipo Nederburg ili kuno komwe. Tsikuli tinalipereka ku kumvetsa mmene vinyo wa m'mashelefu apansi m'masitolo amapangidwira, chifukwa ndi amene amafika ku Lilongwe ndi ku Blantyre wochuluka.

Wopanga vinyo wotere sakulakwitsa kanthu. Cholinga chake ndi chakuti botolo likome tsiku limene lagulidwa, ndipo chilichonse chimene amachita chimaloza kumeneko. Mipesa imathiriridwa kuti ibereke kwambiri, motero madzi a mphesa amakhala opepuka. Makoko amachotsedwa m'thanki patangopita masiku ochepa kuti tanini asachuluke. Ena amalowetsa timpweya ta okosijeni pang'onopang'ono m'thanki kuti vinyo afewe m'miyezi, ntchito imene botolo likanaigwira m'zaka. M'malo mwa migolo ya malita 225 kapena 300, imene ndi yodula, amaika tizidutswa ta oak. Amasiyamo shuga magalamu 4 kapena 5 pa lita kuti m'kamwa muzisalala, kenako amasefa kwambiri. Vinyo ameneyu amatuluka m'fakitale atakhwima kale. Kumusunga ndi kungomuonerera akusukuluka. Merlot ndi Shiraz ofewa a gulu ili amagwira zaka ziwiri kapena zitatu ali chimodzimodzi, kenako amayamba kutsika.

Wa m'katoni, wa kathumba kokhala ndi pompi, nkhani yake ndi yachidule. Kathumbako ndi pompiyo zimalowetsa mpweya pang'onopang'ono ngakhale musanatsegule. Yang'anani tsiku limene anapakira, musagule wopitirira chaka, ndipo mukatsegula athe m'masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi.

Pakhosi pa mabotolo ambiri pali kachidindo ka Wine of Origin, dongosolo limene linayamba mu 1973. Kakakhalapo, ndiye kuti 85% ya vinyoyo ndi wa chaka cholembedwacho, 85% ndi wa mtundu wa mphesa wolembedwawo, ndipo 100% ndi wochokera kudera lotchulidwalo. Dera likamachepa mwayi umakula: botolo lolembedwa Western Cape lingakhale losakaniza mphesa za madera ambiri, pamene lolembedwa Stellenbosch kapena Simonsberg-Stellenbosch likuloza malo enieni. Botolo lopanda chaka musalisunge, simudziwa kuti lili kale ndi zaka zingati.

Chitsekero nachonso chili ndi mawu. Cha pulasitiki chooneka ngati cork (chitsekero cha khungwa la mtengo) chimalowetsa mpweya msanga, ndipo chimaikidwa pa vinyo woyenera kumwedwa m'zaka ziwiri. Cork weniweni wabwino amasunga zaka zambiri, koma pamtengo wotsika amakhala wamfupi, ndipo mabotolo ena amatenga fungo la makatoni onyowa, lochokera ku kamankhwala kotchedwa TCA. Botolo lotere linawonongeka tsiku lotsekedwa, kulisunga sikungalichiritse. Chitsekero chachitsulo chopotokola, chimene ambiri kwathu amachiona ngati chizindikiro cha vinyo wachabechabe, ndi chimene timachikonda pa mtengo uwu. Mabotolo onse a m'katoni imodzi amakalamba mofanana, sichiuma, ndipo botolo likhoza kuima chilili. Vuto lake limodzi ndi lakuti nthawi zina mukangotsegula pamamveka fungo la machesi kapena la mazira owiritsa, chifukwa vinyo anasowa mpweya. Muthireni m'jagi, pakapita mphindi 20 limachoka.

Lachinayi, Swartland

Dera la tirigu ili, kuzungulira Malmesbury ndi Riebeek-Kasteel, ndi louma, ndipo minda yambiri ya mpesa sithiriridwa. Mipesa yake sinamangidwe pa mawaya, ndi zitsamba zazifupi zotalikirana, mizu yake itazama m'dothi la miyala ya granite ya phiri la Paardeberg. Imabereka pang'ono, timphesa ting'onoting'ono, ndipo ndi kuno kumene tapeza yankho losangalatsa kwambiri la ulendo uno.

Chenin Blanc, amene akuluakulu a kuno amamutchabe Steen, ndi mphesa ya vinyo woyera yobzalidwa kwambiri ku South Africa. Kwa zaka zambiri ankangopita ku vinyo wa m'katoni ndi ku brandy, n'chifukwa chake mpaka lero vinyo wake ndi wotsika mtengo poyerekeza ndi ubwino wake. Ali ndi asidi wachibadwa amene satha msanga ngakhale dzuwa liwombe. Tinalawa wa chaka chatha, wa gwafa, mapeyala ndi mandimu, wabwino koma wosadabwitsa. Wa zaka zisanu wa munda womwewo anali wa mtundu wagolide, wonunkhira uchi, phula la njuchi ndi mtedza wokazinga, wolemera m'kamwa, koma kumapeto kuwawasa kuja kudakali kowala. Pakati pa mabotolo onse a sabata ino, apa ndi pamene zaka zachita ntchito yooneka kwambiri.

Si Chenin aliyense. Wa m'minda yothirira ya m'zigwa, wowiritsidwa m'thanki yozizira kwambiri kuti atulutse fungo la gwafa, amatsata njira ya Sauvignon Blanc uja. Woti musunge mumuzindikira motere: pH ya 3.4 kapena kutsika, asidi magalamu 6 kapena kuposa, ndipo pabotolo kapena papepala lija atchule kuti anakhala miyezi ingapo pa nsenga za yisiti kapena m'migolo yakale. Nsengazo zimamwa mpweya n'kumupatsa vinyo thupi. Mukaona kachidindo ka Certified Heritage Vineyards ka bungwe la Old Vine Project, ndiye kuti mipesa yake ili ndi zaka 35 kapena kuposa, ndipo chaka chobzala chimalembedwa pomwepo. Mayina ngati Secateurs wa A.A. Badenhorst ndi Kloof Street wa Mullineux ndi oyambira abwino kwa wofuna kudziwa mtundu umenewu.

Pali mayeso amene aliyense angachite kunyumba asanagule katoni yathunthu. Gulani botolo limodzi, thirani tambula imodzi, lembani zimene mwamva. Tsekani, ikani m'furiji, wofiira yemwe. Mawa lake thiraninso, mkuja chimodzimodzi, wofiirayo muzimudikira afunde pang'ono. Vinyo amene tsiku lachiwiri wakoma kuposa loyamba, ndipo lachitatu adakali chilili, ali ndi mphamvu yolimbana ndi mpweya. Amene tsiku lachiwiri wasukuluka kapena wayamba fungo la apozi wodula n'kusiyidwa, ndi wa chaka chino basi. Mayeso amenewa sakuuzani kuti vinyo adzakoma bwanji pakapita zaka zisanu, chifukwa kukalamba kwa m'botolo lotseka nkosiyana ndi kwa botolo lotsegula, koma amachotsa ofooka mosalakwitsa kawirikawiri.

Cinsaut wa kuno, wofiira wopepuka, ndi wokoma akazizira pang'ono. Ife tingamumwe m'zaka zitatu.

Lachisanu, Robertson

Tinadzera ku Nuwekloof, Wolseley ndi Worcester, n'kutsata msewu wa R60 m'chigwa cha mtsinje wa Breede. Mvula ndi yochepa kuno, minda imadalira madzi a mtsinjewo, ndipo malo ena dothi lili ndi laimu, zimene Chardonnay amakonda. A De Wetshof ndi amene anatchukitsa mphesayi m'chigwachi. Chardonnay wosalowa m'migolo, wa dothi la laimu, amagwira bwino zaka zitatu kapena zinayi ndipo amawonjeza kafungo ka mtedza. Colombard ndi vinyo wapinki ndi a chilimwe chomwechi. Vinyo wotsekemera wopepuka, wa mowa wochepa, amene amagulidwa kwambiri pa maphwando kwathu, nayenso sasungika: shuga alimo, koma asidi ndi mowa n'zochepa, ndipo akakhalitsa amangokhala ngati madzi a shuga achikasu.

Muscadel ndi nkhani ina. Amapangidwa pothira mowa waukali wa mphesa m'madzi a mphesa za Muscat asanawire, kapena atangoyamba kumene. Yisiti amafa, shuga yense amatsala, nthawi zambiri magalamu 200 kapena kuposa pa lita, mowa n'kukhala 16% kapena 17%. Shuga ndi mowa wochuluka chotere ndi zotetezera zamphamvu. Wamng'ono amanunkhira maluwa ndi mphesa zouma. Wa zaka zoposa khumi amene tinalawa anali wabulauni, wa fungo la makoko a malalanje, tiyi ndi shuga wopserera. Mtengo wake ndi wotsika modabwitsa chifukwa anthu ambiri anasiya kumwa vinyo wotsekemera wamphamvu. Wa ku Nuy, Montagu ndi Robertson ndi wodalirika, ndipo mwa onse amene taona ndi amene angapirire nyengo ya kwathu.

Loweruka, Calitzdorp

Ndi makilomita opitirira 200 pa msewu wa R62, kudzera ku Montagu, Barrydale ndi Ladismith, n'kutsetsereka pa mpata wa m'mapiri wa Huisrivier. Pa msewu wotere mdani wa vinyo ndi buti ya galimoto. Galimoto ikaima padzuwa, m'kati mumapitirira madigiri 50. Vinyo amafufuma, amakankha cork, ndipo akazizira amakoka mpweya kulowa m'botolo. Masana amodzi ndi okwanira kupha botolo limene likanakhala zaka zisanu. Mabotolo aziyenda m'bokosi losunga kuzizira, pansi kuseri kwa mpando, ndipo pogona alowe nawo m'chipinda.

Calitzdorp ndi kwawo kwa vinyo wa mtundu wa port, wotsekemera ndi wothiridwa mowa waukali, ndipo opanga ake, a Boplaas ndi a De Krans, ali m'tauni momwemo. Kuyambira 2012 dzina la port silololedwanso pa mabotolo a kuno, motero mayina ake ndi Cape Ruby, Cape Tawny ndi Cape Vintage. Mphesa zake ndi za ku Portugal, monga Touriga Nacional ndi Tinta Barocca, ndipo mowa umafika 18% mpaka 20%. Atatuwa asasokonezedwe. Ruby ndi wa zipatso, womwera lero. Tawny anakalambira kale m'migolo, m'botolo sasinthanso. Vintage yekha ndi amene amaikidwa m'botolo ali wamng'ono, tanini ali wathunthu, kuti akhwimire momwemo zaka khumi kapena makumi awiri. Amadutsa malire athu, koma osati kwambiri, ndipo pa zaka zimene amakhala ndi ndalama yogwiritsidwa bwino ntchito.

Botolo lakale lili ndi katsegulidwe kake. Liimikeni tsiku limodzi kapena awiri kuti nsenga zitsike. Cork wakale amafumbutuka, choncho chotsegulira chilowe mpaka pansi ndipo mukoke pang'onopang'ono, kapena mugwiritse ntchito chija cha timapanga tiwiri tolowa m'mbali. Thirani m'jagi mosadukiza, tochi ikuunika khosi la botolo, ndipo nsenga zikafika pakhosi lekani. Vinyo wosatsekemera wakale musamusiye m'jagi nthawi yaitali, mpweya umamutha msanga. Timiyala toyera tonga shuga pansi pa cork si vuto, ndi mchere wa asidi wa mphesa. Fungo la viniga kapena la mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo ndiye chizindikiro chakuti botolo lapita.

Lamulungu, kubwerera ku Cape Town

Mabotolo akale onse amene atikomera sabata ino anagona m'zipinda za madigiri 12 mpaka 15, zamdima, zachinyezi pang'ono, kutentha kwake kosasinthasintha. Kwathu zinthu sizili choncho, ndipo izi zimasintha masamu onse. Kutentha kukakwera ndi madigiri 10, kusintha kwa m'botolo kumathamanga pafupifupi kawiri. Vinyo amene wopanga akuti akhala zaka zisanu ndi chimodzi, m'chipinda cha madigiri 23 muwerengere zitatu. Komanso sikuti amangofika msanga pamene akanafika: kutentha kumapha zipatso tanini asanafewe, ndipo vinyo amamveka ngati jamu wophika. Ku Chikwawa, Nsanje, Mangochi kapena Karonga, kusunga vinyo wosatsekemera popanda furiji yake ndi kutaya ndalama. Ku Dedza, Mzuzu ndi kumapiri a Zomba mwayi ulipo.

Ena amaganiza zokumba dzenje. Dothi lakuya limakhala pa kutentha kwapakatikati kwa chaka chonse kwa deralo, ndipo ku Lilongwe kumeneko ndi pafupifupi madigiri 20, osati 13. Phindu la dzenje ndi lakuti kutenthako sikudumphadumpha usana ndi usiku, koma nthawi ya dzinja madzi ndi nkhungu zimalowa, ndipo chiswe chimadya makatoni. Chosavuta ndi chipinda cha pakati pa nyumba, chokhala ndi siling'i, kutali ndi khitchini, giza ndi khoma limene dzuwa la madzulo limawomba. Mabotolo akhale pansi penipeni pa simenti, m'bokosi losunga kuzizira lotsekedwa, a cork atagona kuti cork asaume. Ikanimo choyezera kutentha chimene chimasunga nambala yapamwamba ndi yapansi, ndipo muchiwerenge mu October. Chikapitirira madigiri 25 masiku ambiri, malowo ndi a muscadel ndi Cape Vintage okha. Kuwala nakonso kumawononga, makamaka vinyo woyera ndi wapinki wa m'mabotolo oonekera, amene amatenga fungo la kabichi wophika. Furiji ya vinyo imathandiza ngakhale magetsi azizimazima, bola ikhale yodzaza ndipo musamaitsegule magetsi akapita. Mipata yotsala ikanimo mabotolo a madzi kuti azigwira kuzizira.

Wogula kusitolo kwathu akumbukire njira imene botolo layenda. Vinyo wambiri amabwera pa mathiraki kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, ndipo ku Tete kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi yotentha. Musanalipire, yang'anani ngati cork watukuka pansi pa chokutira chake, ngati pakhosi pali zomatamata kapena mzere wa vinyo wouma papepala, ndiponso ngati vinyo watsika kuposa wa m'mabotolo anzake. Sankhani chaka chaposachedwa, ndipo mutenge botolo la kumbuyo kwa shelefu, kutali ndi windo ndi mababu.

Za m'chikwama cha m'ndege: botolo lodzaza limalemera pafupifupi makilogalamu 1.3, motero asanu ndi limodzi ndi makilogalamu 8, ndipo opitirira mlingo wololedwa amalipiridwa msonkho pofika. Malo amenewo tawapereka kwa Chenin wa mipesa yakale, Cabernet wa pamunda wachiwiri uja ndi muscadel, awiriawiri. Wogula kwathu amene angathe, atenge asanu ndi limodzi a vinyo mmodzi. Loyamba litsegulidwe sabata yomweyo, ndipo m'kope mulembedwe tsiku, mtundu, fungo, kuuma kwa m'kamwa ndi kutalika kwa kukoma. Lotsatira litsegulidwe pakapita miyezi isanu ndi inayi kapena chaka, kope lili pambali. Zipatso zikakhalapobe ndipo fungo latsopano likubwera, dikirani. Mukaona kuti zipatso zachepa koma palibe chimene chalowa m'malo mwake, kapena m'mphepete mwa tambula mwayamba bulauni, mabotolo otsalawo atsegulidwe m'miyezi itatu yotsatira.